Kodi Wodwala ndi Mnyamata Yekha?

Pali mau ena amene ndawamva kawiri kawiri pa Boma la Mzimba, ndi pa msika wa Jenda, ndi m'midzi ya ku Embangweni, ndipo tsopano ndatopa nao. Kholo linena, "Tinamtengera ku cipatala, anakhala komweko masabata ambiri, tinagulitsa ng'ombe cifukwa ca iye, koma taonani, wayambanso camba. Mwana ameneyu ngwotayika." Ndipo akumva apukusa mitu, wina naonjezapo mwambi wakuti m'mera mpoyamba, ngati kuti mwambiwo watsiriza mlandu. Ine ndikana kuti mlandu watha. Ndilemba kuti nditsutse mau amenewa, ngakhale ndidziwa kuti akuru ena amene ndiwalemekeza sadzakondwa nane.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. M'mudzi wina woyandikana ndi wathu, kumwera kwa Boma, munali mnyamata wa zaka 16, wa Fomu 2. Sindimchula dzina, pakuti ali moyo ndipo ali ndi manyazi ace. Atate wace anapita ku Joni iye ali ndi zaka 7, nabwera kudzaceza kawiri kokha. Sanali munthu wotaya banja iai: anamanga nyumba ya njerwa ndi malata, ndipo katundu ankafika ndi matransipota caka ndi caka. Ndalama zinkadzera kwa mng'ono wace wa bamboyo, amene ana amamuchula adada ang'ono. Amace a mnyamata anakhala pa mudzi wa mwamuna monga mwa mwambo wa kuno, mlendo pakati pa apongozi ndi alamu. Mnyamatayo anayamba ndi timabotolo ta mowa waukali, nafika ku camba. Pambuyo pace cimanga cinayamba kusowa m'nyumba, ndi telefoni ya amace yomwe. Potsiriza analeka kugona usiku, namalankhula ndi anthu amene ife sitinawaona. Anammanga ndi zingwe za ng'ombe, namkweza m'galimoto.

Anabwera atacira ndithu. Ndinamuona tsiku lomwelo, nkhope itadzaza, maso ali mbee, napereka moni ndi manja awiri. Koma anapezanji kwao? Amace anagula loko, natseka cipinda ca cimanga iye alikuona. Agogo ace, pomumvera cisoni, ankampatsa ndalama m'seri, nati, "Usakauze amama ako." Adada ang'ono anamuchula "wamisala uja" pamaso pa anthu pa maliro. Atate wace anaimba telefoni, nalankhula ndi mkazi wao yekha, ndipo funso lao linali limodzi: "Mwana wanga mwamlera bwanji?" M'mudzi monsemo, anthu amene anamlandira ndi cimwemwe ceniceni, namfunsa za ulendo wace, namsendera pokhala, anali anzace aja a kuseri kwa cigayo. Usanathe mwezi anabwerera kwa iwo. Nanga akadapita kuti?

Inu a ku Mzimba mudziwa ng'ombe koposa ine. Kodi munaona mbusa wanzeru amene atenga thole limodzi lodzala nkhupakupa, napita nalo kudibi, nalibwezera m'khola lomwelo pakati pa zinzace zosasambitsa, ndipo poona nkhupakupa zabweranso anena kuti tholelo ndi lotembereredwa? Tikadamseka munthu wotere. Koma ndimo ticitira ndi ana athu. Timpereka mnyamata kwa dotolo, ife tonse titsala monga tinali, mikangano yathu iri pomwepo, mowa wathu uli pomwepo, ndipo tiyembekeza kuti iye yekha, wamng'ono ndi wofooka wa ife tonse, asinthike m'malo mwa nyumba yonse.

Asandimve molakwa munthu ali yense. Sindinena kuti camba ndi cinthu cacabe, kapena kuti cipatala ciribe nchito. Ubongo wa munthu sutsiriza kukhwima kufikira zaka za m'ma 25, ndipo cimene cilowamo ukali wanthete cisiya cipsera. Ku Sweden anatsata anyamata oposa 45,000 olowa usilikali kwa zaka 15, ndipo mu 1987 analengeza kuti amene anasuta camba koposa ka 50 anagwidwa kasanu ndi kamodzi kuposa anzao ndi misala ija madotolo aicha schizophrenia. Mnyamata wosagona, womva mau, asowa mankhwala ndi dotolo msanga. Tiyamika kuti a St John of God ali ku Mzuzu kuyambira zaka za m'ma 1990, nasamala odwala maganizo ndi ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pakuti cipatala ca Boma ca nthenda zimenezi ciri ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu. Koma cipatala cisunga mwana masabata, nyumba imsunga zaka. Ndipo bungwe la Boma la America loyang'anira za mankhwalawa liwerenga kuti mwa anthu 100 olandira cithandizo, 40 kufikira 60 amagwanso. Tsono kugwanso si umboni wakuti mwana ngwotayika. Ndi mayendedwe a nthendayo, monga mphumu ibwerera nyengo yozizira.

Nzeru yakuciza banja lonse pamodzi inabadwa m'bvuto lomweli. Dotolo wina wa ku Argentina, Salvador Minuchin, anagwira nchito pa sukulu ya anyamata opulupudza ya Wiltwyck ku New York, naona kuti anyamata amaongoka ali pa sukulupo, koma akabwerera kwao amakhotanso. Cifukwa cace analeka kuonana ndi mnyamata yekha, nayamba kuitana onse a m'nyumba. Ndipo buku la nchitoyo, Families of the Slums, linaturuka mu 1967. Pambuyo pace José Szapocznik ndi anzace a pa University of Miami anatenga njirayo kwa mabanja a ku Cuba osamukira ku America, amene ana ao anagwidwa ndi mankhwala. Njira yao si yaitali: banja likumana ndi mlangizi kamodzi pa sabata, ka 12 kapena ka 16.

Kodi acitanji m'cipindamo? Mlangizi safunsa kuti wolakwa ndani. Awaleka alankhulane okha okha, iye napenyetsetsa: ndani adula mnzace pakamwa, ndani ayankhira mwana, ndani akhala cete, ndi akuru ati amene agwirizana ndi mwana m'seri kuti apweteke mkuru mnzao. Pakuti kawiri kawiri mwana wosuta ayenda m'mpata umene uli pakati pa akuru awiri osamvana, monga mbuzi ipeza pobooka mpanda. Atauona mpatawo, mlangizi ayamba kuutseka. Akuru apangana lamulo limodzi: nthawi yofika kunyumba, wosunga ndalama, wodziwa kumene mwana ali madzulo, ndi cimene adzacita onse tsiku limene adzagwanso. Mnyamata nayenso aloledwa kunena cakukhosi popanda kumenyedwa. Ndipo mai wolalata aphunzitsidwa kunena cimene ciri pansi pa ukali wace, ndico mantha akuti adzaika mwana wace m'manda.

Cina cimene anapeza ku Miami citikhudza kwambiri. Anaona kuti nchito yobvuta koposa ndiyo kufikitsa banja pa mpando, pakuti nthawi zonse pali mmodzi wamphamvu amene akana kubwera. Mu 1988 anayesa njira ziwiri. Pamene anangouza banja kuti libwere, mabanja 42 mwa 100 anafika. Koma pamene mlangizi anayamba kulondola wokanayo, namlemekeza, namuonetsa kuti popanda iye palibe cidzacitika, anafika 93 mwa 100. Ku Mzimba wokanayo timdziwa tonse, ndipo ndifika kwa iye posacedwa.

Ndamva kale yankho la ena: "Zimenezo ndi za Azungu, ife tiri ndi mwambo wathu." Cabwino, tiyeni ku mwambo. Kodi si mwambo wa Angoni kuti ng'ombe za lobola zikalowa m'khola la kucikazi, mwana wobadwayo ndi wa nyumba yonse ya atate? Mwamuna akamwalira, kapena ukwati ukatha, mufulumira kunena, "Ana ndi athu, tinalowola." Mwana akapeza nchito yabwino, ndi wa pfuko lathu. Nanga bwanji tsiku limene agwidwa ndi camba asanduka mwana wa mai wace? Ng'ombe zija sizinagule ana anzeru okha. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, analemba m'buku lace la 1959, Children of their Fathers, kuti mwana akaleka kuyamwa amasamalidwa ndi agogo a kucimuna, ndi kuti mnyamata akagula mano amacoka kwa amace kukagona ku laweni, kumene anyamata okulirapo amamuyang'anira, ndipo pamwamba pao panali amuna a ku sangweni, pa cipata ca khola. Mnyamata wa masiku aja sanasowe maso omuona. Lero laweni linagwa, pa sangweni pamera udzu, amuna ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Catsala ca mwambo ndi mphamvu yolamula mkazi wa mwini, koma katundu wolera tamtula pamutu pa mkaziyo.

Komabe sindikhala woona ngati ndinena kuti kungobwezera bwalo lakale kukwanira. Bwalo lathu ndi la mlandu. Mnyamata akhala pansi pakati, mutu uli woweramira, akuru alankhula mmodzi mmodzi, mkazi ali kutali pa mphasa, ndipo potsiriza mwana anena "ndamva" cifukwa afuna kucoka. Bwalo lotere ndaliona kambiri, ndipo sindinaone camba cikuthawa. Mwambo utipatsa cinthu cacikuru cimene alangizi a ku America acifuna ndi thukuta, ndico abale ambiri odziwa kusonkhana: agogo, ankhazi, adada akuru ndi ang'ono, ngakhale asibweni a kucikazi. Koma pa bwalo lociza mwana zinthu ziwiri ziyenera kusintha. Mai alankhule monga mwini nkhani, pakuti ndiye agona m'nyumba imodzi ndi wodwala. Ndipo mnyamata alankhule, akuru namvetsere kufikira atsiriza, ngakhale zimene anena ziwawa.

Tsopano ndilankhule ndi inu, abale anga a ku Joni. Sindikunyozani. Ulendo umenewo si inu munauyamba. Agogo athu anauyenda pansi, ena anapita ndi Wenela kufikira ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974, ndipo mau akuti machona ndi akale kuposa ife tonse. Ndidziwanso kuti malata ambiri a pa Boma ndi fizi ya ana ambiri zacokera m'manja mwanu, ndi kuti mugona mothinana m'tizipinda ta eni, muli ndi mantha a mapepala. Koma pali kusiyana kumodzi pakati pa inu ndi machona akale. Iwo kalata yao inkayenda miyezi. Inu muli ndi WhatsApp m'thumba. Mutha kuona nkhope ya mwana wanu madzulo ali onse. Nanga telefoniyo muigwiritsa nchito yanji? Mufunsa ngati simenti yafika, ngati feteleza wagulidwa, ngati mkazi anagona pakhomo. Mwana wanu mumtumizira nsapato ndi telefoni yodula, ndi ndalama za m'thumba zimene palibe mkuru adziwa kucuruka kwace. Ndipo wogulitsa camba adziwa tsiku lofika ndalamazo koposa amace. Mukamva kuti wadwala mutumiza za galimoto ndi za cipatala, ndipo muyesa kuti mwatha mbali yanu. Simunathe. Mlangizi akaitana banja, mpando wanu ulipo, ngakhale pokhalapo ndi telefoni yotsamira kapu.

Pali mankhwala ena onama amene tithamangira kuti tipewe kukhala pansi pamodzi. Za cikoti sindicedwapo. Ciphunzitsa mwana kubisa bwino. Za kumanga wodwala ndi unyolo ku misasa ya mapemphero ndinena mau amodzi: pemphero silisowa unyolo, ndipo amene auza mwana kuti ataye mankhwala a dotolo adzayankha mlandu wa moyo wace. Ena amkwatitsa msanga kuti "akhazikike," ndipo potero aonjeza odwala awiri, mtsikana ndi khanda. Ena apempha apolisi kuti amtsekere kuti aone zowawa. Koma lamulo lathu la 2010 losamala ndi kuteteza ana lilola kuti mwana wa mlandu wocepa apatutsidwe ku bwalo la milandu, ndipo licita bwino, pakuti akatswiri atatu, Dishion, McCord ndi Poulin, anaonetsa mu 1999 kuti kusonkhanitsa anyamata opulupudza pamodzi kungathe kuonjeza kupulupudza kwao.

Koma mankhwala onama okondedwa koposa kuno ndi awa: "Mtumizeni ku Joni, akaone dziko, akagwire nchito." Ha! Mutenga mnyamata amene ubongo wace sunapole, mumcotsa kwa anthu owerengeka amene akali kumkonda, ndi kumponya m'mzinda umene alibe mapepala, kumene atate wace aturuka m'banda kuca nabwera usiku. M'makomboni a Pretoria ndi Johannesburg muli nyaope, imene ku Durban aicha whoonga, ndiyo heroin wosanganiza ndi camba. Ndipo unyolo wa heroin ndi wolimba kuposa wa camba kutali. Tinene zoona: pomtumiza sitifuna kumciza, tifuna kuti manyazi athu akakhale kumene anansi sawaona.

Wina adzati ndasenzetsa makolo mlandu wonse, ngati kuti ndiwo analima cambaco. Iai. Ndidziwa kuti matumba agwidwa pa msewu wa M1 pa Jenda caka ndi caka, ndipo ogwidwawo ndi ocepa mwa odutsa. Ndidziwa kuti Boma litaletsa mowa wa m'masaceti mu 2015, mowa womwewo unabweranso m'timabotolo. Ndidziwa kuti lamulo la 2020 lolola kulima camba ca mankhwala ndi ca mafakitale anyamata alimva ngati cilolezo cosuta, pamene kusuta sikunaloledwe. Zonsezi si kholo linazicita. Pali makolo abwino amene mwana wao anagwa, ndipo pali nyumba zina zoipa kotero kuti mwana ayenera kucotsedwamo, monga kumene amenyedwa kapena mtsikana agwiriridwa; kumeneko mlangizi sayamba ndi kuyanjanitsa. Cimene ndinena ndi ici, kuti funso lakuti "anayambitsa ndani" silicizapo munthu, koma funso lakuti "adzamgwira dzanja ndani" liri ndi yankho limodzi, pakuti wogulitsa camba sadzabwera ku msonkhano. Kungoti, bambo amene atuma mwana kukagula kacasu madzulo asadabwe mlangizi akamuuza kuti nayenso ali ndi cosiya.

Nanga alangiziwo ali kuti, popeza Mzuzu ali pa mtunda woposa makilomita 100 kucokera pa Boma, ndipo banja la ku Khosolo kapena ku Luwerezi silingakwere galimoto anthu asanu sabata iri yonse? Funso limeneli ndi loona. Koma taonani za ku Zimbabwe. Mu 2006 dotolo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo akazi a ku Mbare, mu Harare, kulangiza anthu osweka mtima atakhala pa benci kunja kwa cipatala. Ndipo pamene nchitoyo, yochedwa Friendship Bench, inayesedwa, zotsatira zolengezedwa mu 2016 zinaonetsa kuti odwala anathandizika ndithu. Nthenda yace inali ina, koma phunziro liri poyera: munthu wamba wophunzitsidwa bwino ndi woyang'aniridwa atha nchito imene tinkati ndi ya madotolo okha. Cipatala ca Boma ca Mzimba, ca Embangweni, ca Katete ku Champhira, ciri conse ciri ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo odziwa Citumbuka ndi odziwa midzi. Aphunzitsidwe ena mwa iwo, ndipo likhale lamulo kuti mwana woturuka m'cipatala aperekedwa kwa banja lokhala pansi, osati kwa mai yekha pa cipata. Ndipemphanso mwaulemu Inkosi ya Makosi M'mbelwa ndi makosi onse, kuti pa Umthetho ku Hora, pamene amuna a ku Joni amvetsera ngakhale pa telefoni, anene poyera kuti wolowola ndiye woyamba kuitanidwa mwana akadwala.

Mnyamata uja anapitanso ku cipatala kaciwiri. Ulendo umenewo namwino wina wolimba mtima anakana kumpereka kufikira abale afika, ndipo ine anandipempha kuti ndiperekeze agogo. Tinakhala anthu asanu, ndi telefoni pa tebulo. Tsiku loyamba dzina la mnyamata silinachulidwe kwa ora lathunthu, pakuti amace ndi mlamu wao anakangana za ndalama za zaka zisanu ndi zinai. Ndipo ndinaona mnyamatayo alikuwayang'ana monga munthu woonera gule amene amdziwa kale. Tsiku lacitatu namwino anati kwa bambo, "Musandiuze ine, muuzeni mwini wace, ali pano." Bamboyo anayamba mau a malangizo. Mwana anadikira kufikira atsiriza, nafunsa m'Citumbuka, "Adada, kodi ine ndinalekera Fomu yanji?" Telefoni inakhala cete nthawi yaitali, kotero kuti agogo anaigwedeza poyesa kuti yazima.

Anapangana kuti ndalama zidzafika kwa amace. Kuti agogo adzampatsa cakudya, osati ndalama. Kuti adada ang'ono adzamtenga kumunda ndi kuleka dzina lija. Ndi kuti atate adzaimba Lamulungu liri lonse kwa mwana mwini. Bamboyo waphonya masabata ena. Mnyamata anagwa kamodzi pa Krisimasi, ndipo anadziulula yekha kwa agogo m'mawa mwace. Papita miyezi 7. Ku sukulu sanabwerere, aphunzira ukalipentala kwa mmisiri wina pa Jenda. Loko uja akali pa citseko ca cipinda ca cimanga, koma kiyi ikhala pa msomali. Ndipo tsiku lopita ku cigayo agogo ace amamperekeza, nakhala pa mwala pafupi ndi khomo kufikira ufa watha kugayidwa.